Bere la Nsanza

Ndikamafotokoza nkhani iyi ena amaganiza kuti ndikuthira mchere, koma ndikunenetsa kuti palibe chimene ndawonjezerapo, ndipo amene anaona ndi maso awo alipo mpaka lero, ena timagulana matimati pa Chitakale ngati palibe chinachitika. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa iwo ndi abale a amuna anga, ndipo pamaliro timakhalira mkeka umodzi.

Zaka zingapo zapitazo anandipeza ndi khansa ya m'mawere, ndipo kuchipatala ku Blantyre anandichotsa bere lakumanzere. Bala linapola, koma mkono wa mbali imeneyo unatupa n'kuuma, moti ndinkalephera kudzitwika ndowa ngakhale kumanga duku. Mzimayi wa kuno ku Mulanje wosatha kudzitwika ndowa, ameneyo mumuwerengera pati? Kuchipatala komweko kunali mayi wina wa mafizo, aja othandiza odwala kuwongola ziwalo, amene anandiphunzitsa masewera otchedwa yoga. Poyamba ndinkaseka, ndimvekere ine mayi wa ana akuluakulu ndizidziwongola pansi ngati mphaka wodzuka kutulo? Koma ndinayesa: kukwawitsa zala pakhoma, kutambasula manja pang'onopang'ono, kupuma mozama, ndipo pomaliza kugona chagada pamkeka, maso otseka, osagwedezeka, kuti thupi lipumule. Mankhwala anagwira ntchito yawo, yoga nayo inagwira yake. Mkono unayamba kukwera, tulo tinabwerera, ndipo mtima umene unkangothamanga ndikaganiza za imfa unaphunzira kukhala pansi.

Kumudzi kwathu palibe ankadziwa zonsezi kupatula amuna anga. Ndinasoka kathumba, n'kuikamo nsanza, n'kumakalowetsa m'kamisolo, ndipo anthu ankangodziwa kuti ndinadwala m'chifuwa. Mukudziwa mmene timachitira kuno, ukangotchula khansa anthu amayamba kukulankhula motsitsa mawu ngati wafa kale, ena n'kumafufuza amene wakulodza.

Pamzere wa kuchipatala ndi m'minibasi yobwerera kumudzi ndinadziwana ndi amayi ena a boma lomwe lino, odwala matenda omwewo, ndipo ataona mmene mkono wanga unkakwerera anandipempha kuti ndiwaphunzitse. Tinayamba kukumana kunyumba kwanga masana, amuna anga ali kuntchito ku esiteti ya tiyi. Tinapangana chinthu chimodzi chokha, kuti za matenda a mnzako suuza munthu. N'chifukwa chake tinkatseka chitseko n'kukoka makatani, poti ena ankavula mabulauzi kuti manja atambasuke bwino.

Wamng'ono pa tonsefe anali mtsikana wina wa cha ku Limbuli, wa mwana mmodzi, mwamuna wake ali ku Joni. Iyeyu anali asanachitidwe opaleshoni, anali akulandira mankhwala a m'diripi aja othothola tsitsi. Amake omubala sanawauze, ankati mtima wawo ndi wofooka, angagwe nazo. Akamapita ku Blantyre ankawauza kuti akukaoda kaunjika, akamabwera kwa ine ankati akupita kukwaya. Ankandiitana kuti amayi, ine ndinkamuti mwana wanga, ndipo ankandiseka kuti ndimalamula kupuma ngati kapitawo wa m'munda wa tiyi. Kugona kwa kumapeto kuja ndiye ankakukonda, ankati ndi nthawi yokhayo imene mseru umamusiya.

Nyengo yake ndi ija kunabuka mphekesera ya anamapopa, anthu amene ankati amayenda ndi makina opopera anzawo magazi. Mabanja ankagona panja pamodzi, magalimoto ankaimitsidwa m'misewu, mlendo wonyamula chikwama ankasechedwa. Amuna anga anandiuza kuti ndiyambe ndaimitsa masewerawo, ine ndinawayankha moseka kuti namapopa wanji woyenda ndi patapata wosokerera ndi waya. Chimene sindinadziwe n'chakuti amake a mtsikana uja anali akuona zawo: mwana akuonda, tsitsi likugwa, m'maso mwayera, ndipo atamukakamiza kupita naye kuchipatala chaching'ono anauzidwa kuti magazi achepa. Mayi wake uti amene sakanafunsa kuti magaziwo akupita kuti?

Tsiku lake kunali chiperoni, phiri silinkaoneka n'komwe. Mayi aja anakwera kabaza n'kumutsatira mwana wawo osadziwa iye. Chifukwa cha kuzizira, titafika pogona chagada paja ndinafunditsa aliyense chitenje mpaka m'khosi, ndi kansalu kumaso. Ine ndinali chiimire pakati pawo, m'manja muli lamba wa mphira amene tinkakokera manja, ndikuwalankhula chapansipansi kuti alole thupi lilemere. Tsono inuyo taganizani, mwasuzumira pa mpata wa katani, mwaona azimayi atandandalika pamikeka ngati mitembo, pakati pawo pali mwana wanu, ndipo munthu waimirira pamutu pake ndi chinthu chonga paipi. Mukanati chiyani?

Mfuu imene anakuwa mayi aja ndimaimvabe m'makutu. Anthu anafika ngati anali atabisala kuseri kwa nyumba. Mwala woyamba unaswa galasi la zenera, ena anayamba kugwa pamalata. Ndinkamva mawu a anthu amene ndimawadziwa, wina akuti ndituluke, wina akuitanitsa petulo, wina akufunsa kuti maulendo anga a ku Blantyre anali a chiyani ngati si kukagulitsa magazi. Anzanga anathawira kuchipinda akulira. Mtsikana uja anandigwira mwendo n'kundipempha kuti zivute zitani ndisawauze amake. Nyumba ikufuna kupsa, iye akuopabe kuti amake amva.

Fungo la petulo litalowa pazenera losweka lija, ndinadziwa kuti tikakhala m'katimo tipsera limodzi tonse. Ndinatsegula chitseko n'kutuluka. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi masewera olimbitsa thupi, koma wina anandidula kuti masewera anji ogona ngati maliro, masewera anji otsekera chitseko. Wina anandizula duku, mwala unandipeza paphewa, ndipo ndinaona mnyamata amene ndinaphika nawo paukwati wake akukunkhuniza tayala kubwera kumene ndinali. Mantha amenewo sindingawafanizire ngakhale ndi tsiku limene ndinkalowa m'chipinda cha opaleshoni, poti kuja anthu ankafuna kuti ndikhale ndi moyo.

Chinsinsi cha anzanga sindikanachinena, changa chokha ndicho ndinali nacho. Ndinakoka mpweya monga ndinkawaphunzitsira ena, n'kuvula bulauzi, n'kusolola bere la nsanza lija n'kuliponya pamapazi pawo. Kenako ndinakweza mkono womwe uja kuti aone chipsera kuchoka pachifuwa mpaka m'khwapa. Kuno mayi wamkulu kuvula pamaso pa amuna si nkhani yamasewera, anthu amaopa tsoka, ndipo amuna anayamba kuyang'ana kumbali. Ndinawauza kuti ndi khansa, kuti ku Blantyre ndinkakasiyako magazi anga osati kukagulitsa a wina, ndi kuti masewera amene akufuna kundiotcherawo ndi amene anandikwezera mkonowu. Za anzangawo ndinangoti amabwera kudzandichezetsa. Mayi wina woyandikana nane anamasula chitenje chake n'kundifunditsa, anthu n'kuyamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo apolisi pofika kuchokera kuboma anangopeza magalasi ndi tayala lili gone.

Mwina mukuti zinatha bwino poti sindinafe. Amake a mtsikana uja sanakhutire, chipsera changa sichinawayankhe funso lawo la magazi a mwana wawo. Anamukoka dzanja n'kupita naye, ndipo mawa lake anamuolotsa malire kukamubisa kwa abale ku Mozambique. Foni yake inasiya kupezeka. Tsiku lake la diripi litakwana ndinapita ku Blantyre, ndinayang'ana pamzere wonse, kunalibe. Ndinakwera mpaka ku Limbuli, abale ake anandibwezera panjira, ndipo ine ndinabwerera pakamwa pali potseka chifukwa cha pangano lija.

Amake anabwera naye kuchokera ku Mozambique patapita miyezi, bere litaphulika chilonda, zitafika posabisika, ndipo achipatala anati achedwa naye. Sanakhalitse. Kumaliro ndinapita ngakhale amuna anga ankandiletsa, n'kukakhala kumapeto kwenikweni kwa azimayi. Amake aja anadzuka pamene anali, n'kudzakhala pafupi nane. Ndinkadikira kutukwanidwa, koma iwo anangondigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa kuti ine ndinalimba mtima kuvula pamaso pa mudzi wonse kuonetsa zanga, nanga chinandivuta n'chiyani kuwanong'oneza iwo okha za mwana wawo. Mpaka lero funso limeneli limandidzutsa.

Za anamapopa ine sindinaonepo ndi mmodzi yemwe, ndipo chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti mwana uja anatengedwa ndi zinthu ziwiri, khansa ndi kubisa kwathu. Amake sindiwada, ankateteza mwana wawo ndi zimene ankadziwa. Yoga ndimaphunzitsabe, koma timachitira pakhonde, odutsa aziona, aziseka ngati akufuna, ndipo aliyense wobwera koyamba ndimamuuza kuti abwere ndi mbale wake mmodzi adzamve yekha za matendawo. Bere la nsanza lija sindinalitolenso.

Inu amene mwamva kachotupa m'bere, thamangirani kuchipatala, mankhwala musawadukize, ndipo musabisire munthu amene mumagona naye nyumba imodzi. Anthu akapanda kuuzidwa zoona amadzipangira zawo, ndipo zawozo zimabwera ndi tayala. Nanunso amene mnzanu wakusungitsani chinsinsi cha matenda, musangolonjeza kuti simunena monga ndinachitira ine. Mugwireni dzanja, mupite naye kwa amake akadali ndi mphamvu zoyenda.