Tsiku Limene Ndinakamba za Maravi Kukoleji

Ndinabwerera kusukulu ndili ndi imvi kale. Masana ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ku Shawlands, kuno kudziko la azungu, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi ndikaweruka ndinkathamangira basi yopita kukoleji, m'tauni. Ndinkafuna pepala londilowetsa kuyunivesite.

Aphunzitsi athu a mbiri yakale, mayi wamtali wa konkuno, anatipatsa ntchito: aliyense asankhe ufumu wakale umene unalowa m'malo mwa unzake, afotokozere kalasi chimene chinaukhazikitsa. Anzanga anathamangira Aroma ndi Aperisi. Ine ndinati Maravi.

"Sindinaumvepo," anatero aphunzitsiwo. "Mabuku ake alipo? Pano sitilandira nthano."

Zinandiwawa, koma ndinangoti, "Ndikawapeza."

Kulaibulale ndinapezadi mabuku angapo akale. Ankanena kuti Aphiri anafika ndi Kalonga wawo n'kupeza Abanda atakhazikika kale m'dziko. Chimene sindinkachimvetsa n'chakuti eni nthakawo analekeranji kuwaukira obwerawo. Loweruka m'mawa ndinaimbira malume anga ku Dedza, amene anaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma.

"Malume, mwadzuka bwanji? Kuno zandivuta."

Nditafotokoza, anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, ulendo wonsewo kukafunsa zakwanu? Bambo ako mfunda wawo ndi uti?"

"Ndi Aphiri."

"Nanga amayi ako ndi ine?"

"Abanda."

"Ndiye ukufunanso chiyani? Ife sanatithamangitse. Iwo anatenga mpando, ife tinatsala ndi kachisi wa mvula. Chilala chikagwa, Kalonga ankatumiza nsembe kwa ife. Mkazi wake wamkulunso ankachokera kwathu. Ungamenyane ndi mlamu wako amene wakusungira mvula?"

Ndinabwerera kumabuku aja nditadziwa chofuna, ndipo ndinazipeza zonsezo, zitamwazikana m'mitu yosiyanasiyana. Ndinakopera masamba ake.

Tsiku lolankhula ndinafika nditanyowa, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Poyamba Chingelezi chinandithawa. Ndinaika pepala pansi, n'kutenga cholembera, n'kujambula pabolodi mpando mbali ino, kachisi mbali inayo. Kuchokera pamenepo pakamwa panamasuka. Ndinafotokoza za makasu achitsulo, za minyanga ya njovu yopita kunyanja yamchere, za abale a Kalonga amene ankatumizidwa kukalamulira madera akutali.

Bambo wina wa m'kalasi mwathu, woyendetsa basi, anakweza dzanja. "Ndiye kuti ogonjawo sanagonje?"

"Mpando unapita," ndinayankha, "koma obwerawo sakanadya popanda iwo. Bambo anga ndi a mbali ino, amayi anga a mbali inayo, ndipo ine ndaima pano."

Kalasi yonse inaomba m'manja, woyendetsa basi uja mpaka kumenya tebulo. Aphunzitsi anadikira phokoso lithe, kenako anabwera ndi kope lawo.

"Mundilembere mayina a mabuku amenewo," anatero. "Chaka chamawa ufumu umenewu ukhala pamndandanda wa maufumu ophunzira."

Pobwerera ndinatsika basi msanga, n'kugula nsomba ndi tchipisi za nyumba yonse. Mwana wanga wamkazi, amene anakulira kuno, anafunsa m'Chingelezi chake chothamanga chija kuti chikondwerero n'cha chiyani. Ndinamukhazika pampando, ndipo ndinamukambira zonse kuyambira pachiyambi, m'Chichewa. Pamene sanamve ankandiimitsa, ine n'kubwereza.