Theka la Munthu, Theka la Khola

Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso, aliyense ankangoti a Kapisozi. Anali bambo wowonda ngati ndodo yobusira, wa chifuwa chosatha, koma pa ng'ombe, eee, mayi weniweni! Akapatsidwa makapisozi kuchipatala ankamwa mpaka chifuwa chitangoti zii pang'ono, otsalawo n'kuponya m'kachitini ka pawindo. Thole likayamba kutsekula m'mimba ankatsegula kapisozi, kusungunula ufawo mumkaka, n'kulimwetsa akulinyengerera ngati khanda. Akazi awo nawo anazolowera. Mankhwala alionse olowa m'nyumbamo ankagawidwa, theka la munthu, theka la khola.

"Inutu tsiku lina mudzadzuka mukudya msipu," ankawaseka mayiwo, uku akuponyamo awo omwe.

Musafulumire kuwaweruza. Ng'ombe zimenezo ndi zomwe zinalera ana awo onse, ndipo mathole ankachiradi. Kungoti zaka zikamapita, kapisozi mmodzi analeka kukwana. Ankaonjezera, thole n'kumangowayang'ana. Iwo ankati mankhwala a masiku ano ngosukuluka.

Kenako anadwala ndi mayiwo, amene ankakama ng'ombe m'mawa uliwonse n'kulawa mkaka uli wofunda m'ndowa momwemo. Kutsekula kwake kwa magazi, thupi ngati moto. Kuchipatala anawapatsa mankhwala awa, osamva. Anasintha, osamvabe. Mayi wonenepa uja anangotsala maso okha. A Kapisozi mantha anawagwira, moti kwa nthawi yoyamba anaiwala kufunsa ngati ng'ombe zamwa madzi.

Achipatala atayeza chimbudzi cha mayiwo, n'kutumanso mlangizi wa ziweto kukatapa ndowe kukhola, dokotala anaitanira a Kapisozi pakhonde.

"Bambo, tizilombo tili m'mimba mwa mayiwa n'tapachibale ndi ta m'ndowe za mathole anu. Mankhwala operewera satipha tonse. Topulumukato timabereka tinzake touma mutu, ndipo kuuma mutuko timapatsirana ngati cholowa."

"Ndiye kuti tizilomboti ndimatiweta ndine?"

"Si inu nokha. Ambiri amatero."

Mawu amenewo sanawatonthoze m'pang'ono pomwe. Anakhala pabenchi, chipewa chili m'manja, n'kulira poyera, anthu akudutsa.

Mwamwayi panali mtundu umodzi wa mankhwala womwe tizilomboto tinali tisanauzolowere. Mayiwo anatsitsimuka, anatuluka m'chipatala atapatsidwa mapiritsi oti akamalizire kunyumba.

Atafika anapeza kathole ka ng'ombe yoyera kali gone pakhomo la khola, mchira utanyowa ndi ndowe zamadzi, kakulira mosatulutsa mawu bwino. A Kapisozi anatuma uthenga kwa mlangizi, koma anayankha kuti afika mawa. Mawa! Ankadziwa okha kuti kathole kotero kufika mawa n'kwamwayi.

Polowa m'chipinda anapeza mayiwo atakhala pabedi, atagawa kale mapiritsi milu iwiri pachitenje.

"Ine ndapezako bwino, bambo. Tengani awa, kamwanako kasatifere."

Kunja kathole kanaliranso. A Kapisozi dzanja linanyamuka lokha, mwachizolowezi, n'kuima m'malere. Kenako anasonkhanitsa milu ija kukhala umodzi, anatunga madzi m'kapu.

"Imwani, mayi. Onsewa ndi anu, mpaka lomaliza."

"Nanga kathole?"

"Mathole amabadwa chaka chilichonse. Inu ndikakupezanso kuti?"

Anaimirira pomwepo mpaka mayiwo atameza. Atatero anatenga thumba lakale, n'kupita kukafunditsa kathole kaja.