Mpango umene ndinafufuta

Ntchito yanga ku Balaka ndi yopanga makatuni pakompyuta. Anzanga awiri amajambula nyumba ndi minda, ine ndimaveka anthu: tsitsi, zipewa, ndolo, nsapato. Munthu wa m'katuni amafika kwa ine ali ndi mpala. Mkati mwake muli mafupa amene timamuyendetsera, ndipo chilichonse chimene ndamuveka ndiyenera kuchimangirira ku fupa lake. Ukalakwitsa, munthu amatembenuka chipewa n'kutsala m'malere.

Chaka china bungwe lina linatipatsa ntchito yopanga kafilimu kophunzitsa alimi kusunga chimanga kuti anankafumbwe asachilowe. Pankafunika mayi wakumudzi. Ine ndi matama anga ndinakana nkhope za pa intaneti, ndinati zimaoneka zachilendo. Ndinatsegula chithunzi cha amayi anga m'foni n'kuumba nkhope yawo: masaya, mpata wa m'mano, chipini chapamphuno, zonse. Sindinawapemphe. Ndinkati ndidzawadabwitsa.

Amayi ndi Msilamu wa ku Chikweo, ndipo chikwatiwireni sanatulukepo panja osamanga mpango. Ngakhale pokataya phulusa kudzala amayamba amanga kaye. Nanenso ndinawaumbira mpango wobiriwira, koma unandionetsa zakuda. Mayi wa m'katuni akawerama kuti amange thumba, mpango unkalowa m'chigaza, khutu n'kutulukira pansalu. Ndikaukulitsa unkaoneka ngati dengu. Ndinalimbana nawo masiku atatu, abwana akungozungulira kumbuyo kwanga n'kumafunsa ngati ndamaliza. Tsiku lachinayi ndinapsa mtima, ndinaufufuta.

Mutu sukanakhala wampala, ndiye panafunika tsitsi. Apa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni. M'pulogalamu imene timagwiritsa ntchito muli tsitsi lambirimbiri lopangiratu, ndikanangosankhapo lililonse. Koma ine mmisiri ndinafuna zenizeni. Ndinaumba tsitsi la amayi mmene ndinkalidziwira ine mwana wawo: lalifupi, lomangidwa timichira ndi ulusi wakuda, imvi zili mbuu chapamphumi. Linakhala bwino kwabasi, anzanga anandiyamikira, ndipo ndisaname, ndinasangalala. Mtima unandiuza ndithu kuti iwe, awatu ndi amayi ako. Ndinauyankha kuti ndi katuni chabe.

Kafilimuko kanaonetsedwa ku Ulongwe, kenako oika nyimbo m'mafoni anakafalitsa ponseponse. Mwezi usanathe amjomba, alongo awo a amayi, anandiimbira foni. Salamu yanga sanayankhe n'komwe.

"Kodi kusukulu kuja munkaphunzira kuvula amayi anu?" anafunsa. "Mudzi wonse waona mutu wa chemwali anga. Mpaka ashehe andiitana kundifunsa."

Ndinayamba kufotokoza za mafupa ndi nsalu yolowa m'chigaza. Anadula foni.

Tsiku lomwelo ndinatsegulanso ntchito ija n'kubwezeretsa mpango ndinafufuta uja, ndipo mtima utakhala pansi vutolo ndinaliona msanga. Mpango uja ndinali nditaumangirira ku fupa la khosi m'malo mwa fupa la mutu. Basi. Kukonza kwake sikunatenge ngakhale nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Ndinangoti kakasi pampando, manyazi atandigwira, chifukwa panalibe wina woti ndimuloze chala.

Loweruka ndinakwera minibasi, kenako kabaza, mpaka kumudzi, laputopu ili m'chikwama. Mlongo wanga wamng'ono anandichingamira panjira n'kundiuza zimene amjomba sananene. Amayi anali atasiya kupita kumsika. Kumsonkhano wa azimayi a kumzikiti ankakhala kumbuyo kwenikweni, iwo amene kale ankatsogolera. Ana akawaona akudutsa ankaseka n'kumaloza kumutu.

Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Ndinagwada n'kupepesa, mawu akutuluka mobwerezabwereza. Ndinkafuna andikalipire kuti zithe, koma sanatero. Ndinatsegula laputopu n'kuwaonetsa kafilimu katsopano. Mayi uja anawerama, anadzuka, anatembenuka, mpango uli nganganga pamutu. Amayi anaonera mpaka kumapeto, mpeni uli m'manja.

"Mwamuveka bwino, baba," anatero. "Nanga uja ali m'mafoni mwa anthu, mukamuveka bwanji?"

Ndinatseka laputopu ija.

"Nkhope n'zosadandaulitsa, aliyense amaiona," anapitiriza motsitsa mawu. "Koma tsitsi lija analidziwa ndi bambo anu malemu, ndi inu ana anga. Iyayi, sindikukwiya. Ndikungodabwa kuti nthawi yonseyi munkaliyang'ana chonchi."

Anatola chinangwa china n'kuyamba kusenda. Anandifunsa ngati ndadya, ngati ku Balaka mvula yayamba, ndipo tinacheza ngati palibe chachitika. Mumtima ndinayamba kudzinyenga kuti mwina nkhani yatha.

M'mawa mwake ndinalowa m'nyumba kukatsanzika. Amayi anali atakhala pamphasa, mlongo wanga akuwamanga tsitsi, monga ndakhala ndikuwapezera kuyambira ndili mwana. Atamva kuti wolowayo ndine, sanatembenuke. Anangotambasula dzanja, kutenga mpango pamphasapo, n'kufunda kumutu. Mpaka lero, ndikati odi pakhomo la amayi anga, amandiuza kuti ndidikire kaye.