Utsi Wofiira wa ku Limbuli

Fungo la dzinja limenelo linali lobaya m'mphuno, lofanana ndi la mankhwala oyeretsera zovala. Ndinali kamtsikana ka sitandade 3, tikukhala kuseri kwa msika wa Limbuli. Mvula inali itagwa bwino, koma chimanga chinali chachikasu m'minda chifukwa feteleza ankasowa. Kenako mbiri inawanda yoti wamalonda wina wabisa matumba m'shedi mwake kuti akawolotsere ku Mozambiki.

Tsiku la msika anthu anakhamukira kumeneko ndi zikwanje, miyala ndi mipini ya makasu. Anaswa chitseko n'kuyamba kulimbirana matumba, kupondana, ena magazi ali chuchuchu kumutu. Wina anathira petulo n'kuyatsa. Utsi unayamba wakuda, koma moto utafika pa feteleza unasanduka wofiira ngati katondo, wolemera, wokwawa pansi. Nkhuku za wogulitsa wina zinafera m'chitete.

Mlonda wa shediyo anatsalira m'kati atamuthyola mwendo. Bambo anga, amene ankapalasa kabaza, anagwetsa njinga n'kulowa. Anatuluka atam'bereka, maso ali psuu, akutsokomola. Amake Joji, oyandikana nafe nyumba amene ankagulitsa thobwa, anawathamangitsira chikho kuti atsitsire kukhosi.

"Ndili bwino ine, musadandaule," anatero bambo, ndipo madzulo ake anapita kukapalira.

M'mawa mwake analephera kudzuka. M'chifuwa mwawo munkamveka ngati madzi akubwata, milomo itada, thovu likutuluka kukamwa. Anatsirizika ali pa njinga popita kuchipatala, mutu atautsamiritsa pamsana pa mng'ono wawo. Mlonda uja anachira, poti iye anam'tengera kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha mwendo.

"Munthu watuluka m'moto wamoyo, n'kudzafa ndi chikho!" anakuwa bambo aang'ono tikuchokera kumanda. Anthu anawakokera panja amake Joji, kuwakwapula ndi nsungwi mpaka mano kuguluka, ena akusasula denga. Joji, mnzanga wa phada ndi chibisalirano, anakakamira chitenje cha amake akulira, iyenso n'kulandira zake. Iye ndi amake anathawa kuwoloka malire, ndipo sitinawaonenso.

Ndinakula ndikudana ndi dzina la mayi aja. Ndi pamene ndinkaphunzira unamwino pomwe ndinamva kuti feteleza akapsa amatulutsa mpweya wapoizoni wokhala ndi nayitirojeni, umene ukakumana ndi chinyontho cha m'mapapo umasanduka asidi. Suchita changu. Munthu amayenda, kudya, kuseka, kenako mapapo amadzaza madzi iye ali pamphasa pake.

Ndili mwana ndinkati bambo anaphedwa ndi mayi amene anawapatsa chakumwa. Lero ndikudziwa kuti pa chikhamu chonse chija, amene anaona kuti bambo akuvutika n'kuwathamangira anali mayi okhawo.