Chimbale chako cha magitala okalipa, Amidu

Amidu m'bale wanga, lero foni yanga yangoyamba yokha kuimba chimbale chako chija cha rock, cha kagulu koti ngakhale Azungu a kuntchito sakadziwa. Ndaseka ndekha mu sitima ya metro mpaka anthu kundicheukira. Ndakumbuka tsiku lomwe unalandira meseji yoti waloledwa kusintha ntchito osapempha abwana, lamulo latsopano la dziko lachilendo lino litangoyamba. Unanditenga pagalimoto ku Umm Ghuwailina, tonse tili m'mamasiki, n'kutsegula magitala ako okalipa aja. Ndinati, "Aise, phokosoli ndi nyimbo? Ika ina." Nditafuna kuisintha ndekha, unandimenya dzanja. "Osadumpha. Nyimbo zonsezi ndi nkhani imodzi. Munthu wa m'nyimbomu wathawa kufakitale, tiye timuperekeze mpaka akafike kwawo." Tinafika ku Bin Mahmoud iye akadali m'njira, ndiye unazungulira mdadada womwewo kanayi, ukuimba mokuwa ndi Chingerezi chako chopindika, mpaka nyimbo yomaliza inatha.

Covid inakutenga usanathe ndi mwezi womwe pantchito yatsopanoyo. Koma masana amenewo unali mfulu, aise, ndipo ndinalipo kukuona ukuseka. Allah akupatse Jannah.