Nkhunda Zinkabwerera, Bambo Ayi

Chimene ndimakumbukira ndi nkhunda zotuwa zili ndandanda padenga lathu la udzu, m'mawa wozizira wa chiperoni, phiri la Mulanje litabisala m'nkhungu. Mayi ankasesa pabwalo osaziyang'ana n'komwe. Zinali nkhunda za bambo, ndipo sizinkayenera kukhala pamenepo.

Bambo anali mkamwini kwathu ku Chiwalo. Atapeza mkazi wina kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ananyamula wayilesi, bulangete ndi dengu la nkhunda zawo panjinga, ife n'kutisiya. Koma kumeneko akangozitsegulira, nkhundazo zinkadutsa madambo onse a mpunga n'kudzatera pakhola lawo lakale, kuseri kwa nkhokwe yathu. Ndiye bambo ankabwera kudzazitenga, akununkha matemba ndi fodya, nkhope ili pansi. Amalume ankawalonjera mokuwa kuti mudzi wonse umve: "Alamu, mbalame zanu zikudziwa kwawo kuposa inu!" Anthu ankafa nazo nseko. Ine sindinkaseka. Ndinkaba madeya a mayi n'kumawaza kukholako mobisa, chifukwa nkhunda zikabwera ndinkadziwa kuti bambo ali m'njira.

Inali nthawi ya sukulu yaulere, tikuphunzira mothithikana pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina mphunzitsi wathu, wochokera ku Kasungu, anatiuza kuti dziko lonseli lili ngati maginito aakulu, ndipo mbalame zimamva kukoka kwake m'thupi mwawo. N'chifukwa chake zimadziwa kumpoto ndi kumwera ngakhale dzuwa litaphimbika. Anatinso nkhunda ukaimangirira kamaginito, kunja kuli mitambo, imatha kusokera. Anzanga ankayasamula. Ine ndinatchera khutu, poti tsopano ndinali ndi chinthu chouza bambo.

Atabwera ulendo wotsatira, ndinawagwirira dengu n'kuwakhuthulira zonse. Anasiya kumanga chingwe, nandiyang'ana kumaso, zimene sankachita. "Tabwereza," anatero. Ndinabwereza. "Sukulu ikukuthandiza, iwe." Mawu ochepa amenewo ndinayenda nawo motukumuka ngati ndapatsidwa nsapato.

Zotsatira zake tinazimva kwa wogulitsa nsomba wina wapanjinga. Akuti bambo anaphwanya sipika ya wayilesi yakufa, n'kumangirira tizidutswa ta maginito m'khosi mwa nkhunda iliyonse ndi ulusi. Ngati zinagwiradi ntchito sindikudziwa. Mwina anangozizula nthenga, mwina mkazi uja anaziphika. Ndikudziwa chimodzi: denga lathu linakhala lopanda kanthu. Ndinapitiriza kuwaza madeya mpaka mvula itagwa, nkhuku za eni n'kumanenepa. Mayi anandipeza tsiku lina ndili chiyang'anire kumwamba, madeya ali m'manja. Sanakalipe. Anangoti, "Bweretsa kuno, ndi chakudya chimenecho." Kukanakhala bwino akanandimenya.

Sukulu ndinaisiyira sitandade seveni, ndipo musandifunse zambiri. Pa zonse zimene ndinaphunzira pansi pa mango paja, chimene chinakhala m'mutu ndi cha maginitocho basi, chomwe chinandichotsera bambo. Anthu amaganiza kuti ndimachita manyazi chifukwa cholongolola za maginitozo kwa bambo. Ayi. Manyazi anga ndi akuti munthu ankapalasa njinga mtunda wonse uja kutsatira mbalame, ine n'kumasamba m'mamawa, kuvala malaya a kutchalitchi, kuganiza kuti akubwerera ine. Khola lija mayi analiwaza nkhuni chaka chomwecho. Ine ndi amene ndinawagwirira nkhwangwa.