Juzi Imene Amayi Anamasula

Kope la chikuto chofiira ndikadali nalo. Ndinkalembamo ndili Fomu 2, zipani zambiri zitangoyamba kumene, pamene anthu pamsika wa Chezi ankanena mokweza zomwe kale ankanong'ona. Koma za ndale mulibemo zambiri. Masamba ochuluka ndinawadzaza ndi tauni ina ya ku Mangalande imene sindinaionepo mpaka lero, ndipo dzina lake ndinalilemba m'njira zitatu, zonse zolakwika.

Kumeneko kunali kwawo kwa aphunzitsi athu a jogalafe, mayi wachizungu wamtali amene ankayenda ndi buluku poti lamulo linali litangololeza akazi kutero. Phunziro likatha belu lisanalire, ankatiuza za kwawo, Chingerezi chosakaniza ndi Chichewa chodukaduka. Ankati tauniyo inayamba ngati timisasa ta asodzi patsinde pa phompho, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Pamwamba pa phompholo pali mabwinja a tchalitchi, makoma a miyala opanda denga, akale kuposa agogo a agogo a aliyense. Kunali nyengo imene amuna ankapita kukasaka anamgumi otalika kuposa kalasi yathu. Kenako kunafika njanji, ndipo anthu a m'mizinda ya mafakitale anayamba kubwera kudzangokhala pamchenga. Tinjira take n'topapatiza, tokwera ngati makwerero, ndipo mphepo yake imanunkha nsomba zowamba.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti nyanjayo imachoka kawiri pa tsiku, n'kusiya maboti atagona cham'mbali pamatope, kenako n'kubwerera yokha. Nditawafotokozera amalume, amene anagwirapo ntchito ku Salima, anaseka mpaka kutsokomola. "Nyanja ndinaiona ine," anatero. "Siipita kokayenda." Ine ndinakhulupirira aphunzitsi. M'mawa nkhungu ikadzaza zigwa za kwathu, ndinkaima pamtunda n'kumayesa kuti ndi madzi, n'kudikira kuti aphwe.

Anatiuzanso za akazi a asodzi. Banja lililonse linkaluka majuzi a amuna awo ndi kalukidwe kakekake, ena mizere yonga zingwe, ena yonga makwerero, kuti nyanja ikabweza munthu patapita masiku ambiri, adziwike kuti ndi wa nyumba iti. Ndinalemba zimenezi n'kudula mzere kunsi kwake.

Chisanu cha Juni chaka chimenecho chinali chobaya mpaka m'mafupa. Ndinkafika kusukulu zala zitauma, zosagwira cholembera. Tsiku lina aphunzitsi anandiitana n'kundipatsa juzi ya buluu wodera, yolemera, yonunkha mankhwala a njenjete, manja ake ondipitirira zala. "Tenga, uvale," anatero. Kwathu wamkulu akati tenga, chinthucho ndi chako, ndipo cha mwana ndi cha pakhomo ponse. Mawu oti kubwereka mwina sankawadziwa, ndipo ine sindinafunse.

Amayi anali ndi mapasa a miyezi isanu ndi umodzi, onse akutsokomola. Loweruka lina ndikubwera kosankha fodya ndinawapeza pakhonde, ulusi wopotanapotana utaunjikana pamiyendo, akuluka ndi masipoko awiri a njinga. Dzanja limodzi la juzi linali litatha kale. "Juzi ya chimphona pa kamunthu ngati iwe?" anatero. "Muno muli ana awiri." Lero sindiwaimba mlandu. Ulusi wotere sanaugwirepo, ndipo anauyamikira ngati mmene mlimi amayamikirira nthaka.

Teremu itatsala pang'ono kutha, aphunzitsi anandiimitsa pakhomo la kalasi. Anandiuza mokoma mtima kuti ndibweretse juzi ya bambo awo Lolemba. Ndinkaopa kuchotsedwa sukulu, koma ndinkaopa kwambiri kuti sadzandiyang'ananso, ndipo tauni ija idzanditsekekera.

Lolemba amayi anandiperekeza. Anabereka mwana mmodzi, ine wina, nkhuku ili m'khwapa. Pakhonde la aphunzitsi anagwada n'kuwatsitsa ana, onse atavala timajuzi ta buluu topanda zingwe kapena makwerero. "Pepani, mayi," anatero, "tinkayesa mwatipatsa."

Aphunzitsi ananjuta pansi. Anagwira kadzanja ka juzi n'kumakasisita ndi chala chachikulu nthawi yaitali, nkhope itafiira. Nkhuku inalira. Mwana mmodzi anawagwira tsitsi n'kukoka, iwo osamuletsa. "Anali nawo awiri," anatero pomaliza. "Inayo anavala tsiku limene anapita." Amayi atayamba kumuvula mwana, aphunzitsi anawagwira dzanja. "Ayi, kukuzizirabe." Nkhuku anailandira moigwira mapiko molakwika, ndipo amayi anawaonetsa kagwiridwe kake.

Pobwerera ndinkayenda modumphadumpha poti andikhululukira. Mawu awo aja ndinangowamva ngati nkhani ya zovala. Ndinakulira kumene aliyense womwalira ali ndi malo ake pansi pa mitengo, kumene timapita kukalambula. Sindikanatha kumvetsa kuti nyanja siibweza onse, kuti munthu angakhale wopanda manda a bambo wake okalirirapo, ndi kuti chimene aphunzitsi anali nacho m'malo mwa mandawo tinali titachibereka kumsana, tikukwera nacho phiri.